Kulongosola m'nyumba ndi uphungu ndi ntchito: tilipitse, koma tisagulitse manyazi

Asisi, lero tikambirane za bizinesi ziwiri zimene zayamba kuonekera kwambiri pa Facebook, Instagram, TikTok ndi pa ma status a WhatsApp. Yoyamba ndi ya atsikana amene amabwera kunyumba kwanu kudzalongosola wadiropu, khitchini kapena chipinda cha ana, inu n'kuwalipira. Yachiwiri ndi ya amene amadzitcha ma life coach, othandiza munthu kukonza zolinga zake, nthawi yake ndi ndalama zake. Ambiri ochita mabizinesi amenewa ndi akazi, ogulanso ambiri ndi akazi. N'chifukwa chake nkhaniyi ndi yathu.

Mawu onyoza tawamva kale. "Kulipira munthu kuti akupindire zovala? Koma ndiye ulesi wafika pena." "Kamtsikana kosakwatiwa kangandilangize chiyani ine?" "Digiri yonse ija kukathera kupukuta makabati a eni?" Ife maganizo athu ndi awa: imeneyi ndi ntchito, ndipo woigwira alandire mtengo wake, osati zija za "tikupatsa ya transport". Komabe tili ndi zimene tikuwapempha asisi amene akulowa m'mabizinesiwa, chifukwa ndalama yobwera pofinya kapena pochititsa manyazi mkazi mnzathu sitingaiombere m'manja.

Tiyambe ndi kumene zinachokera. Ku America, m'zaka za m'ma 1980, kagulu ka amayi a ku Los Angeles kanayambitsa bungwe la anthu olongosola nyumba ndi maofesi, limene lero limadziwika kuti NAPO. Ku Japan kunatuluka Marie Kondo, amene buku lake lonena za kulongosola m'nyumba linamasuliridwa m'Chingerezi mu 2014, ndipo mu 2019 pulogalamu yake inayamba kuonetsedwa pa Netflix. Ku Nashville, amayi awiri, Clea Shearer ndi Joanna Teplin, anayambitsa kampani ya The Home Edit, ndipo mu 2022 inagulidwa ndi Hello Sunshine, kampani imene anayambitsa Reese Witherspoon. Kumbali ya ma coach, bungwe lawo lalikulu, International Coaching Federation, linayamba mu 1995. Choncho amene akuseka adziwe kuti kwina anthu anamangira makampani pa luso lomweli.

Koma lusolo kuno kwathu silinabwere pa ndege. Ndani amadziwa kumene kuli buku la kusikelo la mwana? Ndani amakumbukira kuti shuga watsala wa masiku awiri, kuti yunifolomu ya Lolemba iyenera kuchapidwa Loweruka, kuti magetsi atsala mayunitsi ochepa? Mwana wamkazi amayamba kuphunzira zimenezi asanamalize pulayimale, pamene mchimwene wake ali kumpira. Nanga uphungu? Anankungwi, azakhali, alangizi a pa bridal shower, mnzathu uja amene timamuimbira 11 koloko usiku zikavuta, onsewa akhala akugwira ntchito yomvera ndi kulangiza kuyambira kale, malipiro ake chitenje kapena zikomo basi. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linapeza mu lipoti lake la 2018 kuti akazi ndi amene amagwira 76.2 peresenti ya maola onse a ntchito yosamalira pakhomo yosalipidwa, kuposa amuna katatu. Bungwe la Oxfam mu 2020 linawerengera kuti ntchito imeneyi, ikanati izilipidwa, ikanakwana madola osachepera 10.8 thiriliyoni pachaka. Anthu amaseka wolipitsa chifukwa anazolowera kulandira mwaulere. Wokonza foni akatchula mtengo wa ntchito ya mphindi 20, palibe amene amamufunsa ngati alibe chisoni.

Timvetsetsenso kuti kulongosola m'nyumba kumasiyana ndi kusesa ndi kukolopa. Wolongosola amatulutsa zonse, n'kuziika m'magulu, n'kukhala pansi ndi mwini nyumba kusankha zosunga, zopatsa ena, zogulitsa ndi zotaya. Kenako chinthu chilichonse amachipezera malo ake oti ngakhale mwana wa zaka 6 akhoza kuchibwezerapo yekha. Ntchito yake imaoneka pakatha mwezi: ngati zinthu zabwerera kukhala mbwee, ndiye kuti anangokongoletsa, sanalongosole. Ofuna thandizo lotere alipo ambiri. Pali amene akusamuka nyumba, amene akudikira mwana, mayi wa geni ya kaunjika amene mabelo alanda pabalaza, wa saluni amene sadziwa kuti mankhwala a tsitsi atsala angati. Palinso banja loferedwa limene latseka chipinda cha malemu chaka chathunthu chifukwa palibe amene ali ndi mtima wotsegula sutikesi.

Musaganize kuti makasitomala ali kumayadi kokha, ku Area 47, Namiwawa kapena Nyambadwe. Nyumba ya zipinda ziwiri ku Ndirande, Kawale, Chinsapo kapena Chibavi, momwe mukugona anthu 6, ndi imene imafuna nzeru zambiri za malo. Ndipo zonse zimene mumaona pa Netflix sizingagwire kuno. Marie Kondo amaphunzitsa kusunga zokhazo zimene zimakusangalatsa mumtima. Ku Tokyo mwina zimatheka. Kuno mayi amasunga zigubu chifukwa madzi amasiya kutuluka, amasunga mbaula chifukwa magetsi amathima, amasunga zovala zothina chifukwa kumudzi kuli ana a achemwali ake. Wolongosola wanzeru amafunsa kaye chifukwa chake chinthu chikusungidwa asanatchule zotaya. Zoikamo katundu nazonso si lamulo kuti zikhale mabokosi oonekera mkati ochokera kunja, amene mitengo yake inalumpha kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Kalipentala wa m'dera lanu amapanga mashelefu, amayi oluka madengu ndi malichero alipo, telala akhoza kusoka matumba a chitenje opachika kuseri kwa chitseko. Ndalama ija izungulire pakati pathu.

Ntchito ina imene tikufuna olongosola aike patsogolo ndi ya mapepala. Chiphaso cha unzika, mtchatho wa ukwati, mapepala a malo ndi a galimoto, makalata a kubanki, a penshoni, ziphaso za kubadwa za ana, wilo ngati ilipo. Lamulo la 2011 loona za chuma cha masiye limaletsa kulanda katundu wa omwalira, koma mayi wamasiye amene sadziwa kumene kuli mapepala a nyumba amayamba nkhondoyo ali wofooka kale. Faelo imodzi yosanjidwa bwino, imene mkazi akudziwa malo ake, ikhoza kupulumutsa denga la ana.

Tsopano za mtengo, poti apa ndi pamene ambiri timagwera. Tinaleredwa kuti kutchula ndalama ndi mwano, ndiye kasitomala akafunsa timayankha kuti "mungoona nokha". Asisi, "mungoona nokha" salipira lendi. Pitani kaye mukaone kukula kwa ntchito, muwerengere maola, minibasi kapena kabaza popita ndi pobwera, chakudya chamasana, mayunitsi ndi bandulo, malipiro a wokuthandizani, kenako phindu lanu. Lembani zonse pa WhatsApp kapena papepala: zipinda zingati, masiku angati, zogula alipira ndani, chikasweka chinthu zikhala bwanji. Landirani gawo la ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba musananyamuke pakhomo. Achibale ndi a kutchalitchi apatseni mtengo wotsikirapo ngati mwafuna nokha, koma auzeni mtengo weniweni kuti adziwe chimene mwawachitira. Ndalama ya bizinesi ikhale payokha, isasakanikirane ndi ya ndiwo. Zikayamba kuyenda, kalembetseni dzina la bizinesi kuboma ndipo mutenge TPIN ku MRA, chifukwa maofesi, masukulu ndi mabungwe amafuna invoisi. Ubwino wa ntchitoyi ndi woti mpamba wake ndi wochepa. Tepi yoyezera, kope, foni yojambula bwino ndi gawo limodzi la ku banki mkhonde zikhoza kukuyambitsani, popanda kuthamangira katapila.

Za chitetezo tisaiwale. Mukulowa m'nyumba ya munthu amene mwangodziwana naye pa intaneti. Tumizani location kwa mnzanu, ulendo woyamba pitani awiri, ndipo ngati wokuitanani akuumirira kuti mubwere nokha madzulo, kanani, ndalama imeneyo ipite. Kumbali inayo, mwini nyumba nayenso wakukhulupirirani. Mudzaona mankhwala amene amamwa mobisa, makalata a ngongole, zovala zamkati, nthawi zina zizindikiro zoti banja silikuyenda. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo uupeza. Zimene mwaona zitsale komweko. Chithunzi cha "kale ndi tsopano" musachiike pa tsamba lanu mwini wake asanavomere, ndipo akavomera chotsani chilichonse chimene anthu angamuzindikire nacho.

Tafika pa zopempha zathu. Choyamba chikukhudza mkazi amene sapezeka pazithunzi zija: wantchito wa m'nyumba, amene ambiri timangomuti anti kapena mtsikana. Mukachoka inu ndi tepi yanu, amene azisunga dongosolo lija tsiku ndi tsiku ndi iyeyo. Kawirikawiri amadziwa khitchiniyo kuposa madam. Koma malipiro otsikitsitsa amene boma lathu limaika a antchito a m'nyumba ndi ochepa kuposa a antchito ena, ndipo tonse tikudziwa makomo amene ngakhale ochepawo sawafika. Lamulo la ntchito la 2000 limanena za tsiku lopuma pa sabata, tchuthi cha pachaka, komanso masabata osachepera 8 a tchuthi cha uchembere cholipidwa. Ndi angati mwa ife amene anti athu anapitako ku tchuthi chotere n'kubwerera ntchito ilipo? Mu 2011 ILO inakhazikitsa pangano nambala 189 loteteza antchito a m'nyumba. South Africa, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito m'nyumba za ku Johannesburg ndi Cape Town, inalivomereza mu 2013, ndipo kuyambira March 2022 malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba kumeneko ndi ofanana ndi a wantchito wina aliyense. Dziko lathu silinavomerezebe panganoli.

Ndiye taganizani. Mtsikana wa ku yunivesite, wolankhula Chingerezi, walandira pa tsiku limodzi ndalama imene anti amalandira pa mwezi, pa ntchito imene theka lake anyamula ndi anti omwewo. Kulakwa sikuli pa mtengo wanu, musautsitse. Kulakwa kuli pa malipiro a anti, ndipo inu muli ndi mpata woyankhulapo. Mukatenga munthu wokuthandizani, mulipireni bwino tsiku lomwelo. Mukagwiritsa ntchito wantchito wa pakhomopo, uzani madam kuti imeneyo ndi ntchito yapadera yofuna kangachepe kake. Mufunseni maganizo musanasunthe mapoto ake. Ndipo ngati mukuphunzitsa ena lusoli, sungani malo a amayi amene agwira ntchito m'nyumba za anthu zaka 10 kapena 15. Chimene akusowa ndi foni, tsamba ndi wina wowauza kuti luso lawo lili ndi mtengo.

Chachiwiri: musagulitse manyazi. Taona malonda olembedwa kuti "mkazi weniweni nyumba yake imaoneka chonchi", ena mpaka "konza m'nyumba mwamuna asathawe". Aaa, asisi, zoona? Mkazi wadzuka 4 koloko, watunga madzi, wakonzekeretsa ana, wakagwira ntchito tsiku lonse, waima pamzere wa minibasi, wafika n'kuyamba kuphika, ndiye inu mukumuuza kuti wadiropu yake ndi umboni woti ndi wolephera? Malonda otere amagwira msanga chifukwa amabaya pachilonda chimene tonse tili nacho, koma amakulitsa chilondacho. Nyumba ndi ya onse ogonamo. Polongosola, itanani bambo ndi ana aamuna akhalepo, aliyense adziwe malo a nsapato zake ndi tsiku lake lotsuka mbale. Dongosolo lodalira munthu mmodzi limagwa tsiku limene munthuyo wadwala. Ndipo dziwani kuti Marie Kondo yemweyo, atabereka mwana wachitatu, ananena poyera kumayambiriro kwa 2023 kuti nyumba yake siikhalanso yolongosoka nthawi zonse, ndipo wasankha kucheza ndi ana ake. Ngati mwini buku wapumako, mlongo wanu wa ku Bangwe mukumupanikiziranji?

Chachitatu chikupita kwa ma coach. Coach wabwino ndi wothandiza, tisanamizane. Atsikana ambiri timamaliza sukulu popanda wotiuza kalembedwe ka CV, kapemphedwe ka kukwezedwa malipiro, kagawidwe ka salale kuti ifike pa 30, kapena kakanidwe ka achibale opempha ndalama mwezi uliwonse popanda kudana nawo. Munthu wokhala nawe pansi, kukufunsa mafunso oyenera, kulemba nawe zochita, n'kukuimbira Lachisanu kuti "zija wachita?", akugwira ntchito yooneka. Vuto ndi loti dzina la coach aliyense akhoza kudzipatsa lero lomwe. Namwino amalembetsa ku khonsolo yake, loya ali ndi bungwe lomuyang'anira, koma coach amangofuna chithunzi chovala suti ndi flyer. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyerere yoyamba ndi chiphunzitso choti chilichonse chimachokera m'maganizo mwako. Mtsikana walemba makalata ofunsira ntchito zaka zitatu, ndiye akuuzidwa kuti vuto ndi "mindset" yake, alipire gawo lachiwiri la maphunziro. Ayi. Ntchito m'dziko muno ndi zochepa, mitengo ya zinthu ikukwera, ngongole za kubanki zimafuna chikole chimene akazi ambiri alibe, ndipo m'maofesi ena muli mabwana opempha thupi posinthana ndi ntchito, khalidwe limene lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa. Coach woona mtima amathandiza munthu pa zimene angathe kusintha, n'kumuuza mosabisa kuti zinazo si mlandu wake.

Nyerere yachiwiri ndi yoopsa kwambiri. Mkazi akubwera ndi nkhani yoti amamenyedwa, amalandidwa salale, amatsekeredwa m'nyumba, ndiye coach akumupatsa masitepe 7 okhalira mkazi wofatsa. Uko ndi "kapirire" yemwe uja wa pa bridal shower, wangovala suti. Nkhanza za m'banja zili ndi lamulo lake la 2006, limene limapatsa khoti mphamvu yotulutsa chiletso choteteza wozunzidwa, ndipo limawerengera nkhanza za pachuma ndi za m'maganizo, osati kumenya kokha. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Coach adziwe zimenezi ndipo amuperekeze munthuyo kumeneko. Chimodzimodzi amene sakugona, sakudya, akulira masabata ambiri kapena akunena zodzipha. Ameneyo akufunika achipatala ndi akatswiri a zamaganizo, monga a ku Zomba Mental Hospital kapena a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kunena kuti "apa pandipitirira, tiyeni kwa odziwa" ndi chizindikiro cha coach wokhwima.

Nyerere yachitatu ndi ija imayamba ngati semina ya "kudzitukula" n'kuthera pa kukuuzani kuti mulipire ndalama yolowera, kenako mubweretse anzanu atatu. Ngati phindu likuchokera pa kulowetsa anthu, osati pa kugulitsa chinthu chimene munthu wakunja angagule, thawani. Pomwe zidzagwe, a pamwamba adzakhala atadya kale, inu mudzatsala ndi ngongole ndi anzanu okwiya.

Kwa inu ofuna kulipira coach, funsani musanatumize ndalama. Munaphunzira kuti, kwa nthawi yaitali bwanji? Tikumana kangati, ndipo pomaliza ndidzakhala nditagwira chiyani m'manja? Nkhani zanga zidzathera kuti? Ndi mavuto ati amene simuwagwira? Ndikafuna kusiya pakati, ndalama yanga ibwerera? Wodziwa ntchito yake amayankha mosavuta. Wokwiya ndi mafunso amenewa, kapena wokuuzani kuti kukayikira kwanu ndi mzimu wa umphawi, wakuyankhani kale.

Amayi a bizinesi m'dziko muno anayamba kalekale kugwirana manja. Bungwe la National Association of Business Women, limene anayambitsa Mayi Joyce Banda asanakhale mtsogoleri wa dziko, linakula pa mfundo yoti mutu umodzi susenza denga. Olongosola nyumba ndi ma coach achite chimodzimodzi. Dziwanani, gwirizanani mtengo umene palibe atsike kupyola, chenjezanani za makasitomala osalipira ndi ovutitsa, lembani malamulo anu a kasungidwe ka chinsinsi, ndipo wina akamaononga dzina la ntchitoyi mudzudzuleni nokha anthu akunja asanatero.

Ife tipitiriza kuwaombera m'manja asisi amene atenga luso limene dziko linkaliyesa laulere n'kuliikira mtengo. Tipitirizanso kufunsa kuti anti alandira zingati, malonda anu akumuuza chiyani mkazi wotopa, ndipo wozunzidwa mwamulozera kuti. Inu amene muli kale m'mabizinesi amenewa, tiuzeni m'munsimu: mtengo mumauwerengera bwanji, ndipo kasitomala akati "ndiwe m'bale wanga, ungondithandiza", mumamuyankha chiyani? Pali mtsikana wina amene akufuna kuyamba mwezi uno, ndipo akuwerenga.